Mabatani a Gogo Irma

Johannesburg, 11 Malichi 2018

Wokondedwa anyina Wezi,

Ndikukhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi mwana wathu Wezi, adada ndi amama, ndi onse a pa Nkhamanga. Ine kuno ndili bwino, kupatula dzino lija limene limandikumbutsa kuti lilipo ndikamwa madzi ozizira.

Musadabwe kuti ndayamba makalata ngati munthu wa ku migodi wa kale. Foni ya mng'ono wanga Brightson ili ndi makutu ambiri. Ndikaimba, iye amaika pa sipika, adada amakokera mpando pafupi, amama amasiya kupeta, ndiye ine ndimangofunsa za mvula mpaka mayunitsi kutha. Ndagwirizana ndi a Greyson, a thiraki aja amene amanyamula katundu wa anthu kuchokera kuno kufika ku Rumphi, kuti azikupatsirani kalata pa Bolero, nanunso muziwapatsa yanu. Ndipo ndikulemba dala m'Chichewa chanu cha ku Ntcheu. Amama akaona Chitumbuka papepala amawerenga mokweza kuti mudzi wonse umve, koma Chichewa amati chimawapweteka maso.

Nkhani yabwino ndi yakuti ndapeza ntchito yokhazikika. Maganyu openta mipanda ndasiya. Ndikusamalira gogo wina wachizungu, dzina lawo Gogo Irma, amene akwanitse zaka 95 chaka chino. Mwana wawo, Mayi Diana, nawonso ndi a imvi, amakhala kutali ndipo amabwera Loweruka lokha. Ndili ndi kachipinda kanga kuseri kwa nyumba, ka chitseko chotseka ndi kiyi, osati muja tinkagona asanu ndi mmodzi muja.

Gogowo ndi ochepa thupi ndipo mutu unawasokonekera. Amaiwala dzina langa, amaiwala la mwana wawo, nthawi zina amalankhula chilankhulo cha kwawo ku Ulaya chimene palibe amachimva bwino m'nyumbamo. Koma vuto lenileni ndi lakuti sadya. Ukawapatsa supuni amatseka pakamwa n'kuyang'ana kuzenera. Anthu atatu anachotsedwa ntchito ine ndisanabwere, onse pa mlandu umodzi womwewo, kuti gogo akuwonda. Mayi Diana anandiuza mosabisa kuti kusesa ndi kuchapa si kanthu, ntchito yanga ndi imodzi, amayi awo adye.

Kandalama kali m'envelopu ina. Mugulire Wezi nsapato za kusukulu, zazikuluko pang'ono, mwana ameneyo phazi anatengera kwa ine. Uzani Brightson kuti chigafa cha kumunsi chimadontha pakona ya kumadzulo, afolere fodya asanaole. Asayankhe kuti mawa.

Masiku awiri apitawa gogo adya bwino. Mmene zachitikira ndidzakuuzani ndikapeza poyambira, pakuti ngakhale ine ndikuziganizirabe.

Ine mwamuna wanu,
Ellard Luhanga

Johannesburg, 15 Epulo 2018

Wokondedwa anyina Wezi,

Kalata yanu ndalandira, yewo chomene. Ndakondwa kuti nonse muli bwino ndi kuti chifuwa cha amama chaleka. Mwandiseka kuti ine amene sindinadyetsepo Wezi phala ndikudyetsa nkhalamba ya eni ake. Sekani, mwanena zoona. Koma khalani kaye pansi, chifukwa chimene ndikuuzeni tsopano n'choposa pamenepo.

Pabalaza pano pali galamafoni, bokosi lamatabwa lopukusa ndi dzanja, ndi zimbale zake zakuda, zolemera, zosachedwa kusweka. Tsiku lina madzulo ndikupukuta fumbi ndinati ndimveko. Mukudziwa mtima wa mphunzitsi wa kwaya, sungaone chinthu choimba n'kungochidutsa. Ndinapukusa, ndinatsitsa singano. Poyamba chinangothetheka ngati chimanga chokazinga, kenako malipenga. Lois, sindinamvepo zotere. Malipenga a mawu akuthwa amafunsa, a mawu onenepa amayankha, pansi pake besi akuyenda mosafulumira, wa ng'oma akungosesa pang'onopang'ono. Si nyimbo ya perete, si ya tchalitchi. Imamugwira munthu m'mawondo.

Ndikutembenuka, ndinaona gogo ataima okha. Munthu amene ndimamudzutsa pampando ndi manja awiri! Anakweza dzanja lamanja m'mwamba, lamanzere n'kundiika paphewa. Ine ndinaganiza kuti akugwa, ndinawagwira kumsana. Iwo n'kuyamba kuwerenga m'chilankhulo chawo, akundikoka uku, akundikankha uku. Mwana wa mkulu wa mpingo, mphunzitsi wa kwaya, bambo wa mwana, ndinavina.

Chimbale chitatha anapisa m'thumba la juzi, natulutsa batani, n'kundifinyira m'manja mobisa osandiyang'ana. Kenako anandikolowola mkono kuti ndiwaperekeze pa tebulo la pazenera. Anakhala mowongoka, anakweza chala ngati akuitana woperekera zakudya, ndipo anamwa supu, anadya dzira ndi buledi, n'kufunsa ngati kuli keke.

Loweruka ndinaulula kwa Mayi Diana, ndikuyembekeza kuti ntchito yatha. Iwo anakhala pansi n'kundifotokozera. Gogo anabadwira ku Budapest, m'dziko la Hungary. Bambo awo ankaimba sakisofoni, lipenga lopindika lija, mu bandi ya hotela ina m'mbali mwa mtsinje, nkhondo yachiwiri isanayambe. Tsiku lililonse faifi koloko kunkakhala dansi ya tiyi. Hotelayo inkalemba ntchito anyamata ovala bwino oti azivina ndi azimayi amene alibe wovina naye, ndipo nyimbo ikatha mayi ankamupatsa mnyamatayo kandalama mobisa, kuti asamuchititse manyazi. Gogo ali mtsikana ankakhala pa tebulo la pakona kudikira bambo awo aweruke. Ankavina kaye, kudya pambuyo. Ndiye m'mutu mwawo ali komweko, ine ndine mmodzi wa anyamata aja, ndipo mtsikana waulemu sadya asanavine. Anthu atatu aja anachotsedwa ntchito chifukwa palibe anapukusa bokosi.

Tsopano ndi tsiku lililonse. Mabatani ndimawabwezera m'chitini chawo cha zosokera kuti mawa apeze cholipira.

Adada musawauze. Mukukumbukira kuti anaimitsa munthu pa mgonero chifukwa chovina pa ukwati atagwira m'chiuno mkazi wake yemwe. Inu ndakuuzani chifukwa sindifuna kuti muzidya ndalama imene simukudziwa kumene yachokera. Ngati zikukupwetekani mundiuze. Koma nsanje musachite, mnzanuyu mano amagoneka m'kapu.

Fodya asamuthamangire kumanga mabelo akadali ndi chinyezi. Moni kwa Wezi, mumuuze kuti masamu aja ndamva.

Ine wanu,
Ellard

Johannesburg, 24 Juni 2018

Wokondedwa Lois,

Moni nonse. Ine ndili bwino, koma kuzizira kwa kuno kwaposa kwa ku Chelinda kumene ndinakupezani mukuwotha moto m'nyumba imene bambo anu ankakhala ali pa ntchito. Ndatumiza mabulangete awiri. Labuluu ndi lanu, musalipereke kwa amama ngati lija.

Kalata yanu ndaiwerenga kangapo. Mwati munaseka mpaka Wezi anafunsa chimene chalembedwa, ndipo mwati ndikadzabwera ndidzakuphunzitseni dansiyo kuseri kwa chigafa, kumene adada safika. Ndavomera. Koma mudziwe kuti ine ndine wovina wolipidwa, mukonzeretu batani.

Za fodya ndamva, ndipo zandiwawa. Chaka chonse munthu kuwerama, ku okushoni n'kukamugula ngati zinyalala. Musadandaule kwambiri. Gogo anenepako, masaya abwerera, ndipo Mayi Diana andiwonjezera malipiro. Fizi ya Wezi ya temu ikubwerayi ndilipira ine.

Masiku amene mutu uli bwino gogo amandiuza za holo yovinira ya m'hotela ija m'Chingerezi chawo chothyokathyoka. Akuti denga linali lagalasi, makoma a magalasi oonera, kotero anthu makumi asanu ankaoneka ngati mazana. Pansi ankapakapo phula kuti nsapato zizitsetsereka. Oimba anali khumi ndi awiri, a majekete oyera, ndipo a malipenga ikafika nthawi yawo ankaimirira onse pamodzi, akatha n'kukhala pansi pamodzi. Nthawi yotentha ankatsegula zitseko za kumtsinje, anthu osauka n'kumavina panja pa msewu ndi nyimbo yotuluka pazenera. Ndinawauza kuti ine ndikanakhala wa panjapo. Anandimenya paphewa n'kunena kuti ndiwongole msana.

Pali chimbale chimodzi cha pepala long'ambika pakati. Nyimbo ikafika pakatikati malipenga ena onse amatsika, n'kutsala limodzi lokha likuyenda pamwamba. Apo gogo amaima, amakweza chala, amati, “Tamvera, ndi bambo anga awo.” Timaima chomwecho mpaka anzawo alowenso. Mayi Diana akuti bambowo anatengedwa pa nkhondo pamodzi ndi Ayuda anzawo ndipo sanabwerere, manda awo palibe akuwadziwa, holo nayonso inagwa ndi mabomba. Chimene chinatsala cha munthu ameneyo ndi mpweya umene anauzira m'lipenga tsiku limenelo. Singano ndimasintha kawirikawiri kuti isakande chimbalecho. Gawo lawolo ndalilemba m'solofa kuchikuto cha buku langa la nyimbo, Mulungu andikhululukire.

Sabata yatha linali tsiku lawo lobadwa. Gogo akhala akudandaula kuti hotela yatsika, anyamata akuvina atavala ovolosi. Ndiye Mayi Diana anatulutsa jekete yakuda ya malemu bambo awo, amuna a gogo, n'kundibaya duwa pachifuwa. Gogo anawaveka diresi loyera la leysi. Panali keke, panabwera anansi anayi. Tinavina nyimbo ziwiri, anthu akuomba m'manja, Mayi Diana akulira kwinaku akujambula pa foni. Akuti atumizira abale awo a kunja. Jeketeyo manja ake anandifupikira, mukanaseka.

Kunja sindiyendayenda. Masiku a mu pasipoti anatha kale, mukudziwa, ndipo apolisi mwezi uno achuluka pa siteshoni. Izo tidzakamba.

Ine wanu nthawi zonse,
Ellard

Johannesburg, 12 Ogasiti 2018

Lois,

Moni ndikupereka chifukwa ndi mwambo, koma ndikudziwa kuti simuli bwino, inenso sindili bwino.

Mayi Diana anaika kanema uja pa intaneti. Anthu anamukonda, anagawana, mpaka wina wa kwathu amene ali kuno anandizindikira n'kumuponya pa gulu la pa foni la anthu a ku Bolero. Ndamuoneranso ndi maso a kumudzi ndipo ndamvetsa. Mwamuna wa jekete yakuda ndi duwa pachifuwa, mkazi wa diresi loyera, keke patebulo, anthu akuomba m'manja, wina akulira. Kwathu zimenezo zili ndi dzina limodzi basi. Ndiye akuti Ellard wakwatira nkhalamba yachizungu kuti apeze mapepala. Ndipo poti alipo anyamata amene anachitadi zotero, ndani angandikhulupirire?

Adada anaimba Lamlungu. Sanandifunse ngati ndadzuka. Anangoti, “Wanilengeska, Ellard,” kuti ndawachititsa manyazi pamaso pa mpingo. Ndinafotokoza za supu, za hotela, za mabatani. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, “Ukwati kapena si ukwati, dzanja lako linali pamsana pa mkazi amene si Lois, ndipo dziko lonse laona.”

Kuti seshoni ya akulu a mpingo yandiimitsa, ndapirira. Kuti kwaya aipereka kwa wina, ndapirira. Chimene sindingapirire ndi chimene Brightson wandiuza, kuti mwavula yunifolomu ya amayi a mpingo chifukwa anzanu amakusunthirani pa benchi, kuti Wezi kusukulu akumufunsa ngati mayi ake atsopano amutumizira chidole, ndi kuti alamu a Owen, achimwene anu, akonzeka kuchokera ku Ntcheu kudzakutengani. Mukapita, Wezi atsala. Mwambo wa kwathu mukuudziwa, ng'ombe zinaperekedwa. Ine ndi manja angawa ndikhale ndalekanitsa mwana ndi mayi ake chifukwa cha dansi?

Makalata anga musaonetse munthu. Akadziwa kuti munkadziwa n'kubisira apongozi anu, mlandu ugwera inu.

Adada anati nditenge Baibulo. Ndinalitenga, foni ili kukhutu, ndipo ndinalumbira kuti sindidzavinanso ndi gogo. Ndinangopempha chinthu chimodzi, kuti poti wolakwiridwa ndinu, wondimasula pa lumbiroli akhale inu nokha. Adada anavomera msanga, poganiza kuti palibe mkazi wamoyo amene angachite zimenezo. Chifukwa cha lumbiro limeneli alamu a Owen avomera kudikira.

Kuyambira tsiku limenelo ndikaimba, adada ndiwo amayankha. Ndikafunsa inu amati muli kudimba.

Kandalama kalipo monga mwa nthawi zonse. Mbewu ya fodya ya ku nazale mugule msanga. Pepani, Lois. Pepani chomene.

Ellard

Johannesburg, 9 Seputembala 2018

Wokondedwa anyina Wezi,

Ndikukhulupirira kuti muli moyo ndi mwana. Kalata yanu sindinalandire ulendo uno. A Greyson akuti amene anawaperekera katundu pa Bolero ndi Brightson, inu sanakuoneni. Sindikudandaula, ndikungonena.

Lumbiro ndasunga. Ndikufuna mudziwe mmene likusungikira.

Faifi koloko ikakwana gogo amadzikonza tsitsi ndi zala, amakhala mowongoka. Ine ndimapukusa galamafoni, pakuti kupukusa sindinalumbire. Malipenga akayamba amaimirira, dzanja m'mwamba. Ine ndimaima pakhomo la kukhitchini ndi mbale ya supu. Amadikira. Chimbale chimatha dzanja likadali m'mwamba, kenako amakhala pansi pang'onopang'ono. Ndikabweretsa supu amandiuza mwaulemu kuti, “Zikomo, ndikudikira kaye.” Tsiku labwino ndimawanyengerera masupuni awiri kapena atatu.

Ndayesa njira zonse. Ndinasiya kuimba nyimbo kuti mwina aiwale, analira ngati mwana kufunsa ngati bandi yachotsedwa. Mayi Diana anayesa kuvina nawo okha, gogo anawakankha, akuti akazi okhaokha savina pamaso pa anthu. Kenako analipira mphunzitsi weniweni wa dansi, mzungu wa nsapato zonyezimira. Gogo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kutembenukira kwa ine kufunsa kuti, “Uyu ndi watsopano. Wamtali uja ali kuti?” Akufunsa ine, Lois, wamtali uja ndili pomwepo ndi mbale m'manja. Ndikapanda kuvina sandidziwa.

Mayi Diana anayamba ndi kundinyengerera. “Ellard, ndi dansi chabe. Ndichotsa kanemayo, nditseka makatani, ndikuwonjezera ndalama.” Ndinawauza za Baibulo. Anapempha nambala ya adada, anawaimbira, anafotokoza zonse mpaka mawu kuwathera. Adada anawayankha m'Chingerezi chawo chosalala cha ku Livingstonia, mwaulemu kwambiri, kuti akumva chisoni ndi matenda a amayi awo ndipo awapempherera, koma mwana wawo sanaleredwe kuti akhale wovina waganyu. Tsopano Mayi Diana salankhula nane zambiri. Akanatha kundichotsa, koma masupuni awiri aja gogo salandira kwa wina.

Mwina mukuganiza kuti makatani akatsekedwa angaone ndani. Nanenso ndaganizapo, kangapo konse, ndipo dzana phazi linachita kunyamuka lokha. Koma ndinagwira Buku, ndipo ndinalumbirira pa ukwati wathu. Ndikanama apa, mawu anga kwa inu adzakhalanso ndi kulemera kotani? Ndipo zikadzatulukanso, Wezi mudzamuonera kuti?

Ndiye ndikupempha, ndilibe manyazi. Mundimasule. Ndikudziwa chimene ndikukupemphani. Mukavomera, adada adzamva kuchokera kwa ine, ndipo anthu adzati mkazi wa Ellard wagulitsa mwamuna wake. Mukakana sindidzakudani, inu ndi amene mukukhala pa benchi nokha. Koma mphete ya gogo yayamba kuvuka yokha pachala. Yankhani pa pepala, a Greyson anyamuka kumeneko kumapeto a mwezi.

Mapiritsi a amama a kuthamanga kwa magazi ali m'katoni, pansi pa shuga.

Ine mwamuna wanu,
Ellard

Johannesburg, 14 Okutobala 2018

Lois wanga,

Kalatayi ndilibe woipatsa, ndikungolemba kuti ndisapenge.

A Greyson ndalankhula nawo pa foni. Akuti unawapeza pa Bolero, Brightson atapita kukagula ndudu, n'kuwanong'oneza kuti yankho lako walisokera m'kati mwa thumba la nyemba limene watumiza. Ndinawapempha kuti ang'ambe thumbalo andiwerengere. Akuti sangathe. Thiraki yagwidwa pa chipata cha malire chifukwa cha katundu wa munthu wina amene mapepala ake sali bwino, ngolo yonse aimata chidindo, ndipo akachidula apita kundende. Ali pamenepo sabata yachiwiri, akugona pansi pa thiraki. Ndinawafunsa kuti nkhope yako inkaoneka bwanji ukunong'ona. Anati inkaoneka ya munthu wotopa.

Ndaimba kwa Brightson, adada akuti uli ku nazale. Ndinaganiza zoimbira wina pamudzipo kuti akuitane, koma aliyense amene ali ndi foni ali ndi kanema uja mmenemo, ndi pakamwa pake. Iwe ukudziwa kuti unayankha kale. Sukudziwa kuti yankho lako lagona pansi pa matumba a anthu.

Gogo sakudzukanso pabedi. Kwabwera nesi amene amawapatsa madzi ndi kathonje. Galamafoni ndasamutsira kuchipinda. Faifi koloko sayang'ana wotchi, koma amadziwa. Ndimaika chimbale cha pepala long'ambika chija, dzanja limadzuka pabulangete pang'ono chabe, n'kumadikira. Dzulo nesi anandiuza kuti, “Achimwene, ingowanyamulani, mapazi awo akhale pamwamba pa anu, muzungulire nawo kamodzi. Sakulemera.” Ndinatuluka panja.

Inde kapena ayi, Lois. Ngakhale ayi ndikanalandira, ndikanadziwa kuti ndaima pati.

Ellard

Johannesburg, 4 Novembala 2018

Wokondedwa anyina Wezi,

Moni kwa inu ndi Wezi, adada ndi amama. Ndamva kuti mvula yoyamba yagwa ku Nkhamanga. Ine thupi lili bwino.

Gogo Irma anamwalira Lachitatu pa 24 Okutobala, masana. Anaikidwa mawa lake, monga mwa mwambo wawo, m'bokosi la matabwa osapaka utoto. Kunalibe kwaya. Aliyense anaponya dothi ndi fosholo, nanenso anandipatsa. Dokotala akuti ndi mtima ndi ukalamba, akuti munthu wa zaka zimenezo amapita ngakhale adye. Mayi Diana anandibwerezera mawu amenewo kawiri, sindikudziwa ngati ankatonthoza ine kapena iwo eni. Ine ndinali nawo m'mwezi wa Juni, masaya awo ndinawaona.

A Greyson anafika Lachiwiri lapitali, maliro atachitika kale. Thumba ndinaling'ambira pa geti pomwepo, nyemba zinamwazikira mumsewu. Kalata yanu munailemba pa 23 Seputembala. Ndikulemberani mawu anu omwe, kuti mudziwe kuti anafika onse:

“Abambo a Wezi, vinani nawo adye. Manyazi ndawazolowera, sakupha. Yunifolomu ili m'sutikesi, idikira. Achimwene ndawauza kuti ine sindikupita kulikonse. Adada ndidzawauza ndekha kuti ndakumasulani, inu musaope. Koma mukadzabwera, kuseri kwa chigafa kuja musaiwale.”

Ndinakhala pansi pa geti mpaka a Greyson anayamba kutola okha nyemba. Mwezi wathunthu ndinali womasuka, Lois, ndikuima pakhomo la chipinda ndi manja kumbuyo. Mukanakhala pafupi ndikanakugwadirani chifukwa cha kalata imeneyi, koma kuiwerenganso sindingathe.

Adada musawauzenso kanthu za kundimasula, palibe chifukwa choti musenze zimenezo tsopano. Muwauze kuti mwana wawo wasunga lumbiro mpaka kumapeto. Akafuna akauze seshoni, mwina yunifolomu yanu ingatuluke m'sutikesi Khirisimasi isanafike.

Nyumba akuigulitsa. Andilola kukhala m'kachipinda kanga mpaka kutha kwa mwezi, kenako ndibwerera kwa anyamata ndinkagona nawo aja kukafuna maganyu. Kubwera kumudzi panopa sindingathe, ndikatuluka ndi pasipoti imeneyi sadzandilolanso kulowa, ndipo fizi ya Januwale ikudikira. Feteleza mugule matumba amene kandalamaka kangakwanitse, otsalawo ndiona. Galamafoni ndi zimbale Mayi Diana atenga. Jekete ija anafuna kundipatsa, ndinakana.

Mukamatsegula envelopuyi musamale, pakona pali kanthu kokulunga m'pepala. Nesi powasambitsa gogo anapeza dzanja lamanja litafumbata, ndipo m'kati munali batani loyera, la diresi lija. Palibe akudziwa kuti analisunga liti. Mayi Diana anandifinyira m'manja mobisa, osandiyang'ana, monga ankachitira amayi awo, n'kunena kuti ndi langa.

Ena onse aja ndinkawagwirira ntchito, ndipo ndinkawabweza m'chitini. Ili sindinaligwirire ntchito, ndipo kobweza kulibe. Ndalephera kugona nalo m'chipinda chimodzi, ndalepheranso kulitaya. Musalisokere pa malaya a munthu. Mundisungire.

Ine mwamuna wanu,
Ellard Luhanga